Kalata yodziwa dzina lako koma yosakudziwa

Anzanga aphunzitsi, komanso inu amene munadutsa m'makalasi mwathu ndipo pano muli ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Joni, lero ndati tikambirane za kachinthu kamene kalowa mwakachetechete m'maofesi a masukulu athu. Pa Chingerezi amakatcha mail merge. Ena mwa inu mumakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kumene mukugwirako, ena mwangolandirapo makalata ake osadziwa kuti anapangidwa bwanji.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mumalemba kalata imodzi yokha pa Word, koma pamene payenera kukhala dzina la kholo, dzina la mwana, fomu yake kapena ndalama zimene zatsala, mumasiyapo mpata wokhala ndi chizindikiro. Pambali muli ndi mndandanda, kaya pa Excel kaya m'buku la maadiresi la Outlook, mzere uliwonse munthu wakewake. Mukadina, kompyuta imatenga mzere woyamba n'kudzaza mipata ija, n'kupita pa wachiwiri, mpaka kumapeto. Makalata 400 amakhala atatha tiyi asanapole, kalata iliyonse ili ndi dzina la mwini wake, ngati kuti ahedi anakhala pansi n'kumulembera iye yekha.

Ndinene poyambirira kuti ine sindidana nako kachinthuka. Amene tinayamba ntchito makina a Gestetner akadalipo tikukumbukira kutayipa pa sitensulo, kupukusa chogwirira chija mpaka phewa kuwawa, manja ali bii ndi inki. Kalata inkatuluka ili ndi mawu aja akuti "Dear Parent/Guardian of" kenako mzere wopanda kanthu, ndipo mphunzitsi wa kalasi ankachezera usiku wa tsiku lotsekera kudzaza mayina ndi cholembera. Amene akufuna tibwerere kumeneko abwerere yekha. Chimene ndikufuna tigwirizane n'chakuti kodi makinawa tiwalole kulemba chiyani m'dzina lathu, nanga tiwakanize chiyani.

Luso limeneli si la dzana, ndipo silinapangidwire masukulu. Pulogalamu yakale yolembera ya WordStar inali kale ndi MailMerge cha m'ma 1980. Mu 1987 ku Texas kunatuluka ACT!, pulogalamu yosungira mayina, manambala a foni ndi mbiri ya makasitomala, ndipo inapangidwira anthu otsatsa malonda. Vuto la wotsatsa malonda ndi lodziwika: ali ndi makasitomala ambirimbiri, sangawakumbukire onse, koma akufuna kuti aliyense azimva ngati akukumbukiridwa. Pa malonda zimenezi sizipweteka munthu, chifukwa wolemba ndi wolandira onse akudziwa masewera amene akuchitika. Banki ikakulemberani kuti ndinu kasitomala wake wokondedwa simuthamanga kukauza akazi anu.

Koma kuno kwathu kalata ili ndi kulemera kwina. Kuchokera pamene Dr Robert Laws anakhazikika ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun ku Livingstonia inkatulutsa aphunzitsi, makalaliki, osindikiza mabuku ndi otumiza telegalamu. Azibambo a m'dera lino atapita ku migodi ya ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, chimene chinkalumikiza mudzi ndi mwana wake chinali kalata, ndipo nthawi zambiri woiwerenga mokweza ndi woiyankha anali mphunzitsi. Mpaka lero gogo wa ku Hewe kapena ku Mhuju akalandira pepala la chidindo cha sukulu salitaya. Amaliika m'Baibulo, ndipo zimene zalembedwamo amazitenga kuti ndi mawu a aphunzitsi enieni amene amaona mdzukulu wake m'mawa uliwonse. Chikhulupiriro chimenechi sitinachigwirire ntchito ife, tinachipeza, ndipo chikhoza kutha.

Tiyambe ndi kumene makinawa amachita bwino kuposa ife. Nkhani ikakhala ya munthu mmodzi, kalata yakeyake imam'bisira manyazi. Taganizani za ngongole ya ndalama zogonera pa sukulu ya boarding. Njira yathu yakale inali kuitana mayina pa asembule kapena kukhoma mndandanda pa bolodi. Njira yatsopano, yoipa kuposa, ndi kujambula mndandanda wonse n'kuuponya pa gulu la WhatsApp la makolo, kuti mudzi wonse udziwe banja limene fodya sanawayendere chaka chino. Kalata ya mail merge imauza kholo lililonse za mwana wake yekha basi. Kunja kuli chitsanzo chowawa cha zimene zimachitika uthenga umodzi ukatumizidwa kwa onse pamodzi. Mu September 2015 chipatala cha 56 Dean Street ku London chinatumiza imelo kwa anthu pafupifupi 780 olandira chithandizo chokhudza HIV, maadiresi onse ali poonekera, aliyense n'kuona mayina a anzake. Chaka chotsatira bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa mapaundi 180,000. Aliyense akanatumiziridwa imelo yakeyake, zimenezi sizikanachitika.

Pali ubwino wina umene sindinaone sukulu zambiri zikuugwiritsa ntchito. Pa mndandanda mukhoza kuika kolamu ya chiyankhulo, n'kukonza makalata atatu, ya Chitumbuka, ya Chichewa ndi ya Chingerezi, kholo lililonse n'kulandira imene lingawerenge lokha. Pano timalemba Chingerezi chokhachokha, ndiye womasulira amakhala mwana yemweyo amene kalatayo ikumunena. Mukuganiza kuti mnyamata wa Fomu 3 amamasulira bwanji mawu oti "persistent absenteeism" kwa agogo ake? Amati aphunzitsi akupereka moni.

Tsopano pa mayina, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene tikupwetekera anthu osadziwa. Chikalata chimene anthu ambiri amakopera chimayamba ndi "Dear Mr" kenako mpata wa dzina la bambo a mwana. Chinapangidwa ndi maganizo oti mwana aliyense ali ndi bambo wamoyo, wokhala naye nyumba imodzi, wa dzina lofanana naye. Tsegulani kaundula wa kalasi yanu muone ngati zili choncho. Ana angati akuleredwa ndi agogo? Angati akulipiriridwa ndi amalume, aja kuno timati asibweni, amene dzina lawo ndi lina? Angati ali ndi azakhali, kapena mchimwene wawo amene anamaliza Fomu 4 zaka zitatu zapitazo? Ndiponso mayi wa kuno sataya dzina la kwawo. Mwana akhoza kukhala Gondwe, mayi ake ali NyaMsiska kapena NyaMhango, ndipo m'mudzi monse, ku tchalitchi ndi ku chigayo, palibe amene amawatchula mwina. Mukawalembera kuti "Mrs Gondwe" mwina sakwiya, koma adziwa nthawi yomweyo kuti wolembayo sanawaonepo.

Choopsa kwambiri ndi bambo amene anamwalira. Dzina lawo linalowa m'kaundula mwana akuyamba Fomu 1, iwo n'kutisiya mwana ali Fomu 2, koma mndandanda wa pa kompyuta palibe anaukhudza. Teremu iliyonse kalata ikutuluka yopita kwa malemu, kuwapempha kuti abwere ku msonkhano wa makolo. Kumbukirani kuti makalata athu ambiri sadutsa ku positi ofesi. Timapatsira mwana. Woyamba kuona dzina lija ndi mwana wamasiyeyo, ali pa njira yobwerera kwawo, ndipo wachiwiri ndi mayi ake. Kale lija mphunzitsi wa kalasi akamadzaza mayina ndi dzanja ankafika pa dzina limeneli n'kuima, chifukwa anali pa maliropo kapena anasonkha nawo chipepeso. Kompyuta siima. Ndipo chodabwitsa n'chakuti "Dear Parent/Guardian" yozizira ija inali yachifundo kuposa dzina lolakwika.

Mankhwala ake si a pa kompyuta ayi. Ndi mphunzitsi wa kalasi kukhala pansi ndi ana ake sabata yoyamba ya chaka, mmodzimmodzi osati pagulu, n'kufunsa mafunso awiri: kalata zako tizilembera yani, nanga munthuyo amatchulidwa bwanji? Yankho lachiwirilo lilembedwe lonse mu kolamu yakeyake monga mmene mwana wanenera, ndipo kalata izitenga moni wake pamenepo, osati kulumikiza "Mr" ndi dzina la mwana. Imeneyi ndi ntchito ya masana awiri kapena atatu. Sukulu imene ilibe masana amenewo isatchule dzina la kholo lililonse, ibwerere ku moni wa onse.

Misampha ya makinawo ndingoitchula mwachidule, poti amene mumakonza makalata mwakumana nayo. Excel imadya ziro woyamba wa nambala ya foni, 088 ndi 099 n'kusanduka 88 ndi 99, pokhapokha kolamuyo mutaiuza kuti ndi ya mawu. Deti limakonda kutuluka mwachimereka, mwezi patsogolo, moti msonkhano wa pa 4 March umaoneka ngati wa pa 3 April. Avereji ya malikisi imatuluka ndi mchira wa manambala ngati 56.6666667. Amene mumatumiza ma SMS dziwani kuti chilembo cha ŵ, chimene Chitumbuka sichingayende popanda icho, sichili m'gulu la zilembo wamba za SMS, ndiye mukangochiikamo uthenga umodzi umatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, ndalama n'kuchuluka. Koma msampha waukulu ndi kusanja. Munthu akasanja kolamu ya mayina yokha motsata alifabeti, n'kunyalanyaza chenjezo limene Excel imapereka, mayina amasuntha koma malikisi ndi ngongole zimatsala pomwe zinali. Kalata iliyonse imatuluka yaukhondo, ya chidindo, ndiponso yabodza. Word ili ndi batani la Preview Results. Wosindikiza atenge makalata khumi, awayerekeze ndi kaundula wa pamanja, asanawononge pepala.

Zonsezi n'zokonzeka. Chimene ndikukana kwenikweni ndi china, ndipo chimachitika makina akugwira bwinobwino.

Mu Word muli lamulo loti "ngati zili chonchi lemba izi, apo ayi lemba izo." Ndi lamulo limeneli munthu wochenjera akhoza kuuza kompyuta kuti mwana wopeza malikisi oposa 75 imulembere kuti ndi wakhama ndi wachitsanzo, wapakati imulembere kuti akhoza kuchita bwino atalimbikira, wotsika pa 40 imulembere kuti ndi waulesi ndipo asiye masewera. Malipoti a sukulu yonse n'kutha m'mawa umodzi, ndemanga zili mbwee, siginecha ya ahedi yojambulidwa ili pansi. Anzanga, imeneyi si ndemanga. Ndi malikisi omwewo atavala malaya ena. Kholo laona kale 38 pa masamu. Chimene likufuna kumva kwa ife ndi chimene 38 sanganene: kuti mwanayu amagona m'kalasi chifukwa amayenda mtunda wautali m'mawa, kuti saona bwino pa bolodi, kuti wasintha kuyambira pamene anayamba kuyenda ndi gulu lina, kapena kuti 38 ameneyu ndi chipambano chifukwa teremu yatha anapeza 19. Mtsikana amene wakwera kuchoka pa 19 kufika pa 38 akalandira mawu oti ndi waulesi, talemba bodza, tasainira, ndipo kwawo akam'kalipira chifukwa cha bodza lathulo.

Ndikudziwa yankho limene ena mukukonza. Muti: aphunzitsi, inu nomwe mukudziwa kuti pa CDSS mphunzitsi mmodzi amatenga makalasi odzaza mpaka pakhomo, maphunziro awiri kapena atatu, ndipo ngakhale kale ndemanga za pamanja zinali "Work hard" ndi "Can do better" kuyambira mwana woyamba mpaka womaliza. N'zoona, ndipo sindinganamizire kuti m'badwo wa cholembera unali wa oyera mtima. Koma "Work hard" wa pamanja sankanamiza munthu. Aliyense ankaona kuti mphunzitsi anali atatopa. Chiganizo chachitali chosindikizidwa bwino, chotchula mwana dzina lake loyamba kawiri, chimanena kuti winawake anaganizira za mwanayu, pomwe palibe anaganiza. Ngati nthawi palibe, kompyuta idzaze malikisi, malo ndi masiku amene mwana anajomba, n'kusiya mizere iwiri yopanda kanthu. Mphunzitsi alembepo pa ana amene ali ndi chonena pa iwo, kaya ndi 15 pa kalasi yonse. Enawo mizere ikhale yoyera. Kholo lofuna kudziwa chifukwa chake libwere lidzafunse, ndipo kubwerako n'kumene timalira tsiku lililonse kuti makolo sachita.

Chimodzimodzi kalata ya umboni, ija timati testimonial. Inu amene munachoka, mukudziwa kufunika kwa pepala limeneli pofunsira ntchito kapena malo ku koleji. Phindu lake lonse lagona pa chinthu chimodzi, chakuti munthu amene anakuonani zaka zinayi akuika dzina lake pa khalidwe lanu. Ana onse a Fomu 4 akatuluka ndi kalata yofanana, aliyense "honest, hardworking and cooperative", amene akuluza si wakuba mabuku a ku laibulale uja. Iyeyo wapindula. Woluza ndi mtsikana amene anali wokhulupirikadi, amene ankasunga makiyi a labu osasowetsa kanthu, chifukwa bwana amene walandira makalata atatu ofanana ochokera sukulu imodzi sakhulupiriranso ngakhale imodzi. Dzina, zaka zimene mwana anakhala pa sukulu ndi nambala yake ya mayeso a MANEB, zimenezo makina adzaze. Ndime ya khalidwe ilembedwe ndi munthu. Ndipo inu mukamabwera kudzatenga, musangotuma mng'ono wanu. Bwerani, mutikumbutse kuti munali a kalabu iti, munatsogolera chiyani. Takalamba, nkhope zachuluka.

Kunena za inu ophunzira akale kwandikumbutsa makalata opempha thandizo. Masukulu ambiri tsopano ali ndi magulu a ophunzira akale, ndipo ndi chinthu chabwino. Denga la hositelo likasasuka ndi mphepo, n'kwanzeru kukulemberani nonse. Koma ndaonapo makalata oyamba ndi dzina lanu, n'kupitiriza kuti timakukumbukirani bwino ndipo munali mmodzi wa ophunzira athu onyaditsa. Kalata yomweyo yapita kwa amene tinam'chotsa sukulu ali Fomu 3. Inu si ana. Mumatumizirana zithunzi za makalatawa pa foni n'kumaseka, ndipo mukaseka simutumiza kanthu. Bwanji osangonena zoona? Kalata ino tikutumiza kwa onse amene anamaliza kuyambira chaka chakuti mpaka chakuti, denga lawonongeka chonchi, malata ndi misomali zikufuna ndalama zakuti, wosunga ndalama ndi komiti yakuti, ndipo lipoti lidzatuluka mwezi wakuti. Dzina lanu likhale pamwamba kuti kalata ifike kwa mwini wake, osati kuti ikunyengerereni. Mphunzitsi amene akukukumbukiranidi awonjezere mzere wake pansi ndi cholembera. Za kalata ya chipepeso sindinenapo zambiri. Imeneyo isayandikire n'komwe makinawa.

Chatsala ndi mndandanda weniweniwo, umene kwa ine ndi woopsa kuposa makalata onse. Taonani zimene zili m'fayilo imodzi ija: dzina la mwana, fomu yake, mudzi wake, dzina la womulera, nambala ya foni, ngongole, mwinanso kolamu yosonyeza amasiye ndi olandira basale. Kale zonsezi zinali m'mabuku olemera otsekeredwa m'kabati ya ahedi, ndipo wofuna kuzikopera ankafunika sabata. Lero zimakwana pa fulashi. Inki ikatha pa sukulu, fulashiyo imakwera njinga kupita pa boma kukasindikizitsa pa shopu, fayilo n'kutsala pa kompyuta ya eni shopu, pamene aliyense wodzatayipitsa CV akhoza kuitsegula.

Tonse tinalandirapo uthenga uja woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ambiri timauzindikira chifukwa sutitchula dzina. Tsono taganizani wakuba ali ndi fayilo yathu. Akuimbira mayi wa ku Mlowe, akuwatchula dzina lawo lenileni, akutchula mwana wawo ndi fomu yake, akuti ndine mphunzitsi, mwana wakomoka tili naye ku chipatala, tumizani ya mankhwala msanga. Mayi ameneyo atumiza, ndipo palibe angawanene kuti ndi opusa. Chimene chimapangitsa kalata yathu kuoneka yochokera kwa munthu wokudziwa n'chomwecho chimene chimapangitsa bodza la wakuba kumveka loona. Osaiwalanso nyengo ya kampeni, pamene manambala a makolo a dera lonse amakhala chinthu chimene ofuna mavoti angachilipire bwino.

Nkhaniyi si ya ulemu wokha, ndi ya malamulonso. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo pa makalata ndi mauthenga ake. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira. Mfundo yake yaikulu ndi yomveka ngakhale kwa ife amene sitinaphunzire zamalamulo: zimene watolera kwa munthu pa cholinga china usazigwiritse ntchito pa cholinga chinanso, ndipo uzisunge mosamala. Kholo linatipatsa nambala kuti tiziliuza za mwana wake. Silinatipatse kuti mphunzitsi wina azitsatsirapo makalasi ake a pa holide, kapena kuti tiipereke kwa wogulitsa mayunifolomu.

Pa msonkhano wa aphunzitsi wotsegulira teremu ndikufuna kudzafunsa mafunso amene ndikupempha kuti nanunso mukafunse kwanu. Fayilo ya makolo ili pa makompyuta angati, ndipo ndani ali ndi pasiwedi? Makalata akasindikizidwa kunja, ndani amaonetsetsa kuti afufuta? Nanga poti m'masukulu ambiri laputopu imene imagwira ntchitoyi si ya sukulu koma ya mphunzitsi wachinyamata wodziwa makompyuta, tsiku limene iye adzasamutsidwe kupita ku Chitipa kapena ku Nsanje, mayina ndi manambala a makolo athu adzatsala pa sukulu kapena adzakwera naye basi?